Tikonzekere BK: Yesaya, tchimo la dziko ndi kudzikuza

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, ndakukonzerani phunziro lalifupi pa buku la Yesaya, poti pa MSCE silisowa. Mfundo yanga ndi imodzi: kwa Yesaya, chiweruzo cha Mulungu sichikondera. Chimayambira pakhomo, kenako n'kukafika kwa adani.

Choyamba, tchimo la Yuda. Yesaya adaitanidwa chaka chomwe mfumu Uziya idamwalira, cha m'ma 740 Yesu asanabadwe. Ku Kachisi anthu ankapita ndithu, nsembe osaphonya. Koma mutu 5 ukufanizira dzikolo ndi munda wa mphesa wosamalidwa bwino womwe udabala zowawasa. Zowawasazo n'chiyani? Olemera kumeza minda ya anzawo, oweruza kulandira ziphuphu, ena kulawirira ku mowa. Mutu 10 ukuwonjezerapo malamulo olanda chuma cha amasiye.

Chachiwiri, chilango. Mulungu adatenga ufumu wa Asuri ngati ndodo yokwapulira anthu ake. Mu 722 mzinda wa Samariya udagwa, ndipo mu 701 mfumu Sanakeribu idalanda mizinda yambiri ya Yuda n'kuopseza Yerusalemu.

Chachitatu, ndipo apa musaphonye: Asuri nayenso adaweruzidwa. Mfumu yake idadzitama kuti zonsezo n'chifukwa cha nzeru ndi mphamvu zake. Yesaya akuiyerekeza ndi nkhwangwa yoyesa kuti ikudula mtengo yokha. Mu 612 likulu lawo, Nineve, lidapasulidwa.

Uthengawu si wachilendo m'mapiri athu ano. Ku Mvera, mishoni yomwe idayamba mu 1889, n'komwe William Murray adagwirako ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka mu 1922. Ndiye kuti takhala tikumumva Yesaya m'Chichewa kwa zaka zoposa 100. Nanga bwanji mayi wamasiye amalandidwabe munda misozi isanaume? Bwanji masikelo ena ogulira soya amaberabe alimi, eni ake ali patsogolo m'tchalitchi?

Sindikunena kuti chilala chilichonse ndi chilango, ayi. Ndikungoti Yesaya sadayeze dziko ndi kuchuluka kwa mapemphero, koma ndi m'mene likusamalira osauka. Mawa lino amfumu, makhansala ndi ogula mbewu tidzakhala ifeyo.

Funso loyeserera: tchulani machimo anayi a Yuda, ndipo fotokozani chifukwa chomwe Asuri adalangidwira. Mayankho tidzakambirane pa nthawi ya buleki.