Batire pa chisanu ndi pa dzuwa: phunziro la sayansi ndi malonda



Mu Januwale 2024 mumzinda wa Chicago ku America kudazizira koopsa, mpaka madigiri oposa 20 pansi pa ziro. Eni galimoto zamagetsi, zambiri za Tesla, adakhala pamzere maola ambiri pamalo otchajira, ndipo zina zidathima pomwepo n'kuchita kukokedwa. Mwina mukuti, nanga ife a kuno ku Hara, kumene thukuta limatuluka ngakhale usiku, zitikhudza chiyani? Batire la galimotozo ndi mtundu umodzi ndi la mufoni yanu, la lithium-ion. Komanso galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan zimalowera pa Songwe n'kudutsa pa M1 pathu pompano. Yamagetsi ikadzafika pakhomo, wogula adzakhala mmodzi wa ife.

Mkati mwa batire muli mbali ziwiri, ndipo pakati pake pali timadzi. Tizidutswa ta lithium timasambira m'timadzimo kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo ulendo umenewu ndiwo umatulutsa magetsi. Kukazizira, timadzito timalemera ngati mafuta ophikira a m'botolo m'mawa wa Julaye kumapiri. Tizidutswa timayenda mwaulesi, batire n'kumapereka mphamvu yochepa ngakhale lili lodzaza.

Koma chimene chimadya kwambiri ndi hita. Galimoto ya petulo imafunditsa okwera ndi kutentha kwa injini, kumene kukadangotayika. Yamagetsi ilibe injini yotentha chotero, ndiye kufunda konse kumachokera m'batire lomwelo loyendetsa matayala. Mu 2019 bungwe la oyendetsa galimoto ku America la AAA lidayesa galimoto zisanu. Pa madigiri pafupifupi 7 pansi pa ziro, mtunda umene zikadayenda udatsika ndi 12 pa 100 alionse hita ili yozima, koma ndi 41 hita ili yoyaka. Werengani nokha: galimoto ya makilomita 200 yatsala ndi 118.

Chisanu chotere ife sitichidziwa, ngakhale ku Nyika, kumtunda kwathu kuno, udzu umadzuka utaundana m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Chofunika kugwira n'chakuti batire lofooka ndi chisanu silinawonongeke. Likafunda, mphamvu imabwerera. Ngozi yokha ndi kulitchaja mothamanga lili lozizira pansi pa ziro, chifukwa lithium amamatirira pambali imodzi ndipo sachokanso. N'chifukwa chake galimoto zambiri zimayamba zafunditsa batire zisanalandire magetsi, ndipo mzere wa ku Chicago uja udatalika.

Mdani wathu ife ndi dzuwa. Kutentha kumakalambitsa batire, ndipo chimene chatayika motero sichibwerera. Nissan Leaf yoyamba, imene idatuluka mu 2010, idali ndi batire lopanda madzi oziziritsa. Pofika 2012 eni ake ku Phoenix, mzinda wotentha wa ku Arizona, adali akudandaula kale kuti mabatire awo afooka msanga. Galimoto imeneyi imaonetsa umoyo wa batire ndi timizere 12. Timizere timeneti n'tosiyana ndi tosonyeza kuti mwatchaja zochuluka bwanji lero, ndipo tikachepa ndiye tachepa basi.

Apa ndi pamene phunziro la fiqh likulowera. M'Sahih Muslim muli nkhani yakuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika n'kupeza kuti pansi pake n'ponyowa. Wogulitsa adati idali mvula. Mtumiki sadamudzudzule chifukwa cha mvulayo, koma chifukwa chobisa chonyowacho pansi. Ife olima mpunga wa Kilombero tikuidziwa bwino nkhaniyi: thumba louma pamwamba, lachinyezi pansi. Pankhani zotere ma ulama adakhazikitsa lamulo lakuti wogula akapeza chilema chimene chidabisidwa, ndipo chimatsitsa mtengo wa katunduyo, ali ndi ufulu wobweza. Lamuloli limatchedwa khiyar al-'ayb.

Tsono tisiyanitse. Batire limene lafooka m'mawa wozizira n'kudzuka masana lilibe chilema, ndi chibadwa chake, ndipo wogula sangabweze pa chifukwa chimenecho. Koma batire lakalamba ndi dzuwa la zaka zitatu, mwini wake n'kulitchaja mpaka 100 kuti lioneke lamoyo pa ola logulitsira, ndi mpunga wonyowa pansi pa thumba. Ine ndikuona kuti kukhala chete pamenepa n'kubisa ndithu, ngakhale wogula sadafunse. Anyamata amene mumagulitsana mafoni pa nthawi ya buleki (tikudziwa kuti zimachitika), mawu akuti "imasunga moto" ndi umboni, ndipo mudzafunsidwa nawo.

Kwa a komiti, nkhaniyi ikhudza batire la sola limene limayendetsa chimkuzamawu cha azana. Likafooka pa Fajr mu Juni, tisathamangire kunena kuti ndi chisanu, poti chathu n'chochepa. Kawirikawiri ndi mitambo ya masana a dzulo, fumbi papanelo, kapena mafoni amene adatchajidwapo usiku wonse. Ngati ndi lamtundu wakale, lolemera, lokhala ndi asidi, akatswiri amati kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, moyo wake umadulidwa pakati. Batire logulidwa ndi sadaka ya anthu ndi amana. Lisakhale m'kachipinda kotseka pansi pa malata, koma pamthunzi podutsa mphepo.

Ophunzira a Fomu 3, kwa sabata imodzi lembani m'kope peresenti ya batire la foni ya kunyumba pambuyo pa Isha ndi pa Fajr, ndi malo amene foniyo idakhala masana. Mubwere nazo Lolemba.