Timawu Titatu ta Chingelezi: A, An ndi The

M'Chingelezi muli timawu titatu timene timaima patsogolo pa maina a zinthu. Timawuto ndi iti: "a", "an" ndi "the". Ngakhale tili tating'ono, ntchito yake ndi yaikulu, pakuti timauza womva ngati chinthu chonenedwacho achidziwa kale kapena iai.

M'Chichewa mulibe timawu totere, koma nzeru yake ilimo. Agogo poyamba nthano amati, "Panali mlenje wina." Anena "wina" popeza ana sanamve za mlenjeyo ndi kale lonse. Nthano ikapita patsogolo amati, "Mlenje uja anapha kalulu," pakuti tsopano onse amdziwa. Mngelezi achita chimodzimodzi. Poyamba ati, "There was a hunter." Pambuyo pake ati, "The hunter killed a hare." Mlenje walandira "the" chifukwa wadziwika, koma kalulu ali ndi "a" chifukwa wangolowa kumene m'nthanomo.

Kusiyana kumeneku sikuli kwachabe. Munthu ali kutali ku ntchito, nalembera mbale wake kalata kuti, "Sell a goat." Pamenepo mbaleyo akhoza kulowa m'khola ndi kugwira mbuzi iliyonse. Koma akalemba kuti, "Sell the goat," anena mbuzi ija imene awiriwo anapangana kale. Wowerenga wosasamala adzagulitsa mbuzi ya mkaka m'malo mwa tonde wokalamba, ndipo mlandu udzabuka pa mudzi chifukwa cha kamawu kamodzi.

"A" ndi "an" ndi kamawu kamodzimodzi. Tonse tiwiri tinachokera ku mawu akale a Chingelezi otanthauza "chimodzi". Chifukwa chake sitiima ndi zinthu zambiri. Buku limodzi ndi "a book", koma mabuku ndi "books" basi. Sitiimanso ndi zinthu zosawerengeka monga madzi, mchere ndi ufa. Wofuna madzi sati "a water". Ati "water", kapena "a cup of water", pakuti chikho chiwerengeka.

"An" aima patsogolo pa mawu oyamba ndi maliwu onga a, e, i, o, u. Dzira ndi "an egg", nkhwangwa ndi "an axe", lalanje ndi "an orange". Mawu ena onse atenga "a", monga "a hoe", ndilo khasu, ndi "a dog", ndiye galu. Pa mlandu uwu woweruza ndi khutu, si diso. "Hour" alembedwa ndi h, koma h ameneyo samveka. Chotero anena "an hour". "Uniform" alembedwa ndi u, koma pakamwa ayamba ngati "yu"; chotero anena "a uniform". Mwana wokayika atchule mawuwo mokweza, namvetsere liwu loyamba.

"The" aima ndi chimodzi, aimanso ndi zambiri: "the goat", "the goats". Aimanso ndi zinthu zimene palibe zinzake, pakuti anthu onse azidziwa. Dzuwa ndi "the sun", mwezi ndi "the moon". Maina a mitsinje amtenga, monga "the Shire" ndi "the Zambezi". Koma maina a anthu ndi a mizinda samfuna. Palibe anena "the Zomba" kapena "the Lilongwe", ndipo nyanja yaikulu itchedwa "Lake Malawi" popanda "the".

Tsono mwana asanalembe dzina la chinthu, ayambe wadzifunsa: "Kodi wondimvayo achidziwa chinthu ichi?" Ngati m'Chichewa akadanena "lija" kapena "uja", alembe "the". Ngati akadanena "lina" kapena "lililonse", ndipo chinthucho ndi chimodzi chowerengeka, alembe "a" kapena "an". Wozolowera funso limeneli adzalemba kalata yomveka, ndipo woiwerenga sadzasokera.

Zochita

1. Lembani "a" kapena "an" patsogolo pa mawu awa: ox, pot, elephant, hour, basket.
2. Nenani m'Chingelezi: Ndaona njoka. Njoka ija yalowa m'nkhokwe.
3. Fotokozani kusiyana kwa "Bring a hoe" ndi "Bring the hoe."
4. Chifukwa ninji sanena "a salt"?