Mmene Mungathandizire Mwana Kuzindikira Zimene Ena Akuganiza

Mwana wa zaka zitatu akamayankha agogo ake pa foni pogwedeza mutu, sikuti ndi wopepera ayi. Iye sanafike pozindikira kuti zimene akuona ndi kudziwa, munthu wina mwina sakuziona. Nzeru imeneyi imakula ndi macheza, ndipo ntchito yaikulu ili m'manja mwa makolo.

Yambani mwana asanayambe kulankhula. Akaloza nkhuku, itchuleni dzina maso anu ali pa nkhukuyo. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, wofufuza wina, Dare Baldwin, anaonetsa kuti ana a miyezi pafupifupi 18 akamva liwu lachilendo amadzutsa mutu kuti aone kumene wolankhulayo akuyang'ana, ndipo dzinalo amalipatsa chinthu chimene wamkuluyo akuona, osati chimene chili m'manja mwawo. Ndiye kutchula zinthu maso ali kwina n'kumusocheretsa mwana.

Akakwanitsa zaka zitatu, yambani masewera obisirana zinthu. Mu 1983, ofufuza Heinz Wimmer ndi Josef Perner ankafotokozera ana nkhani ya Maxi, amene anasiya chokoleti m'kabati n'kutuluka, mayi ake n'kuchisunthira kwina. Powafunsa kumene Maxi akachifune, ana aang'ono ankaloza kumene chili tsopano. Okulirapo, kuyambira zaka zinayi kapena zisanu, ankaloza kumene Maxi anachisiya. Yesani ndi nthochi m'dengu: mkulu wake akatuluka panja, isunthireni kwina, mum'funse mwana kumene mkulu wakeyo akaifune. Mwana akalakwitsa musamuseke, ingomuuzani kuti, "Achimwene ako sanaone, ndiye akuganiza kuti ikadali m'dengu." Mawu monga kuganiza, kudziwa ndi kuiwala ndiwo ofunika kuti aziwamva kawirikawiri. Madzulo pa nthano, Kalulu akapusitsa Njovu, imani kaye mum'funse kuti Njovu ikukhulupirira chiyani.

Wina anganene kuti makolo akale sankachita zonsezi, komabe ana ankakula ndi nzeru. N'zoona ndithu: mu 1991 Jeremy Avis ndi Paul Harris anapeza kuti ana a mtundu wa Baka ku Cameroon nawonso amafika pomvetsa zimenezi cha pa zaka zisanu. Koma makolo akalewo ankacheza ndi ana pabwalo ndi kuwasimbira nthano, ndipo pamene macheza asowa pamaoneka kusiyana. Ana osamva obadwira m'banja losadziwa chinenero chamanja amachedwa kumvetsa maganizo a ena, pamene osamva amene makolo awo amalankhula nawo ndi manja chibadwire sachedwa. Ngati mwana wanu samva, phunzirani chinenero chamanja msanga. Ngati amamva, zimitsani wailesi ya kanema madzulo ano mucheze naye.