Kukonza kompyuta munthu ali kutali: chochita pulogalamu ikakana kulowa kapena kulumikiza



Kompyuta ya mu ofesi ya sukulu imasunga mayina a ophunzira, zotsatira za mayeso ndi malisiti a fizi. Ya komiti ya mzikiti imasunga kaundula wa zakaat ndi sadaka. Ikavuta ntchito imaima, ndipo kuitana katswiri wa kutauni kumadya ndalama ya thiransipoti komanso masiku. N'chifukwa chake pali mapulogalamu monga AnyDesk, TeamViewer, Chrome Remote Desktop ndi Quick Assist, amene amalola katswiri kuona sikirini yanu ndi kuyendetsa kompyuta yanu iye ali kwawo. Phunziro la lero likuthandizani kudziwa pamene pali vuto mapulogalamuwa akakana kugwira ntchito.

Mmene amagwirira ntchito

Pamakhala makompyuta awiri: yothandizidwa ndi yothandiza. Zonse ziwiri ziyenera kukhala zoyaka, pa intaneti, ndiponso zotsegula pulogalamu imodzimodzi. Pa mapulogalamu ambiri, yothandizidwa imaonetsa nambala yake. Mwini wake amauza katswiri nambalayo, katswiri amailemba kwake, kenako mwini amavomereza kuti alowe. Chimodzi mwa izi chikasowa, palibe chitheke. Choncho musathamangire kunena kuti kompyuta yafa. Fufuzani chimodzichimodzi, kuyambira chophweka.

Pulogalamu ikakana kulowa m'kompyuta

Choyamba, onani kumene mwaitenga. Itengeni pa tsamba la eni ake okha, monga anydesk.com kapena teamviewer.com. Fayilo yochokera pa fulashi ya mnzanu itha kukhala yakalekale kapena yokhala ndi vairasi. Komanso netiweki ikaduka mukutsitsa, fayilo imafika yoperewera ndipo imakana kutseguka. Ifufuteni, mutsitsenso.

Chachiwiri, onani chilolezo. Pa makompyuta a mu labu ophunzira amalowa ndi akaunti yopanda mphamvu yoika mapulogalamu. Windows ikafunsa pasiwedi ya administrator, kompyuta sinaonongeke ayi, ikungotsata lamulo limene inapatsidwa. Itanani aphunzitsi. Ndi bwino kudziwanso kuti AnyDesk ndi TeamViewer QuickSupport zimatha kutseguka popanda kuikidwa.

Chachitatu, onani mtundu wa Windows. Pulogalamu ya 64-bit siilowa mu Windows ya 32-bit. Kuti mudziwe yanu, tsegulani Settings, kenako System, kenako About. Makompyuta ambiri amene masukulu amalandira ngati mphatso ndi akale. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo mapulogalamu ambiri atsopano salolanso kuikidwamo.

Pulogalamu yalowa koma ikukana kulumikiza

Yambani ndi intaneti. Tsegulani tsamba lililonse, mbali zonse ziwiri. Likapanda kutseguka, vuto ndi bandulo kapena netiweki, osati pulogalamu. Samalani apa: bandulo ya WhatsApp yokha imatumiza mauthenga bwinobwino, koma siyendetsa AnyDesk. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse.

Kenako yang'anani tsiku ndi nthawi pakona pa sikirini. Kompyuta yakale ili ndi kabatire kozungulira mkati, ka CR2032, kamene kamasunga nthawi. Kakatha, magetsi akangothima kompyuta imabwerera zaka m'mbuyo. Ikatero imaona ngati ziphaso za chitetezo za pa intaneti n'zolakwika, ndiye imakana kulumikiza. Konzani tsikulo muyesenso, ndipo kabatireko mukasinthe.

Mukatero bwerezani nambala. Pafoni manambala amamveka molakwika, choncho ndi bwino kuwatumiza polemba. Manambala ena sakhalitsa: ya Chrome Remote Desktop imatha ntchito pakadutsa mphindi 5, ndipo pasiwedi ya TeamViewer imasintha mukatsegulanso pulogalamu.

Onaninso ngati kompyuta yothandizidwa sinagone. Kompyuta yogona imaoneka ngati yozima kwa amene ali kutali. Pa nthawi ya ntchitoyo, sinthani mu Settings kuti isagone.

Palinso Remote Desktop imene imabwera ndi Windows. Iyi imasokoneza anthu ambiri. Kompyuta ya Windows Home itha kulowa mu ina, koma yokha siingalowedwe ndi njirayi. Zolowedwa ndi za Pro, Enterprise ndi Education, ndipo pamafunika kuiyatsa kaye mu Settings. Njirayi imadzera pa khomo la nambala 3389 ndipo imayenda bwino makompyuta akakhala pa netiweki imodzi, monga mu labu. Pa intaneti ya pafoni kawirikawiri imakana. Musatsegulire khomo limeneli dziko lonse, chifukwa akuba amalisakasaka usana ndi usiku.

Mwalumikiza koma zikuvutabe

Chithunzi chikamachedwa kapena kuima, chepetsani kuwala bwino kwa chithunzi mu pulogalamuyo, mutseke YouTube ndi zina zonse zodya bandulo. Ngati katswiri akuti mausi yasiya kumvera mwadzidzidzi, yang'anani sikirini yanu. Nthawi zambiri Windows imakhala yatulutsa funso lofuna chilolezo limene iye sangalidine. Werengani funsolo, ndipo mudine Yes pokhapokha mukudziwa chimene akuchita. Pa kompyuta ya Mac, mwini ayenera kupereka chilolezo cha Screen Recording ndi Accessibility, apo ayi katswiri sangaone kapena kuyendetsa kanthu.

A komiti adziwenso kuti TeamViewer ndi AnyDesk zaulere n'zothandizirana pa zinthu za munthu payekha. TeamViewer ikaganiza kuti mukuigwiritsa ntchito pa bizinesi imayamba kudula msanga. Musafune pulogalamu yobedwa kuti muzembe malipiro. Quick Assist ya mu Windows ndi Chrome Remote Desktop n'zaulere.

Kompyuta ndi amana

Surah An-Nur imatiphunzitsa kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba ya eni, ndipo Surah Al-Hujurat imatiletsa kufufuza zinsinsi za anzathu. Kulowa m'kompyuta ya munthu kuli ngati kulowa m'nyumba mwake. Wophunzira amene wapemphedwa kuthandiza aodire kaye, agwire chokhacho chimene waitanidwira, ndipo atuluke akamaliza. Mafayilo a zopereka za Asilamu si oti aziwerengedwa ndi aliyense.

Makolo, chenjerani ndi munthu woimba foni n'kumati ndi wa kubanki kapena wa kampani ya foni, n'kukuuzani kuti muike pulogalamu yotereyi kuti akukonzereni akaunti. Mukamupatsa nambala amaona zonse za pa sikirini yanu, ngakhale mauthenga achinsinsi ochokera kubanki. Dulani foniyo, mupite nokha ku ofesi yawo. Ngakhale wothandizayo ali wodziwika, khalani pomwepo mukuyang'ana, ndipo akamaliza mutseke pulogalamu.

Ntchito ya ophunzira

1. Pezani ngati kompyuta imene mumagwiritsa ntchito mu labu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, komanso ngati ndi Home kapena Pro.
2. Fotokozani chifukwa chake tsiku lolakwika limalepheretsa kulumikiza.
3. Awiriawiri, aphunzitsi atavomera, lumikizani makompyuta awiri ndi Quick Assist. Imatseguka mukadina Ctrl, batani la Windows ndi Q pamodzi.

Mayankho tidzakambirana m'kalasi sabata yamawa, Insha Allah.