Amalume akuti khansa sikhudzidwa ndi mpeni

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Mayi anga anasiya kusamba kalekale, koma tsopano ayambanso kutaya magazi. Kuchipatala atawaona anati khomo la chiberekero silikuoneka bwino, ndipo akufuna kudula kanyama kuti akakayeze. Amalume akaniza. Akuti khansa ikangokhudzidwa ndi mpeni imalusa n'kufalikira, ndipo akutchula mayi wina wa kwathu kuno amene anamwalira atangochitidwa opaleshoni. Akufuna tiyambe tayesa zitsamba. Ndimvere ndani?

Wodandaula, Chibavi

Mwanawe,

Amalume ako maliro anawaonadi, koma chimene chinapha mayi uja achiphonya. Thupi linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse lili ndi nthawi yake yogawikana ndi nthawi yake yofa. Khansa imayamba dongosolo limeneli likasokonekera, maselo n'kumangoswana osaleka. Pa khomo la chiberekero, wosokoneza pafupifupi nthawi zonse ndi kachilombo ka HPV, ndipo mitundu yake iwiri yokha, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa matendawa mwa odwala pafupifupi 70 pa 100 alionse. Bungwe la WHO limati pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osokonekerawo asanduke khansa, kapena zaka 5 mpaka 10 ngati chitetezo cha m'thupi chatsika, monga kwa amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV. Zaka zonsezo mayi amakhala akuchapa, kuphika, kugulitsa tomato wake pamsika, osamva kuwawa paliponse. Chotupa chikakhwima chimatumiza chokha maselo ake m'magazi ndi m'anabele, dotolo asanachione n'komwe.

Nanga bwanji ena amamwalira atangochoka pa opaleshoni? Chifukwa ambiri kuno amafika matenda atayenda kale. Uwafunse amalume mwaulemu kuti mayi uja anataya magazi miyezi ingati asanakwere kabaza kupita kuchipatala. Anthu amakumbukira chimene chinachitika komaliza, miyezi yobisa nsalu zamagazi ija palibe anaiona. Palinso china. Mayi amene anachotsedwa chiberekero msanga n'kuchira salengeza, amangobwerera ku geni yake, pomwe maliro Chibavi yense amawamva. Ndiye amalume akuwerenga omwalira okha, ochira sakuwadziwa. Komanso zimene apempha achipatala si opaleshoni yaikulu ayi. Kanyamako n'kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo ndiko kokha kanganene ngati ndi khansa kapena vuto lina, pakuti si kutaya magazi konse kumene kuli khansa.

Mawu oti "tiyambe tayesa" ndiwo akundiopsa. Amamveka ngati palibe chimene mutaye, chonsecho mutaya nthawi, ndipo pa matendawa nthawi ndiyo imasankha chithandizo. Maselo akapezeka asanasanduke khansa amangowawotcha ndi kachipangizo kotentha kwa mphindi zochepa, njira imene chipatala cha Nkhoma chinayamba kugwiritsa ntchito mu 2013, ndipo mayi amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Khansa ikakhala idakali pamalo amodzi, kuchotsa chiberekero kumachiritsa ambiri. Ikafalikira pamafunika mankhwala amphamvu a m'diripi ndi makina owotcha chotupa, zimene zingakufikitseni ku National Cancer Centre pa Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300. Palibe chitsamba chimene kafukufuku anatsimikiza kuti chimachotsa chotupa chotere. Amalume akanena kuti zotsatira zimachedwa, kuti thiransipoti yadula, ndiponso kuti si onse amachira, usawatsutse, n'zoona. Koma zonsezi n'zifukwa zoti muyambe msanga. Ngakhale amene matenda awafika patali, chipatala chili ndi mankhwala oletsa ululu monga morphine. Kupemphera pempherani, kumachitika bwinobwino ngakhale pa benchi ya chipatala.

Amalume ndi eni mbumba, usawanyoze pagulu. Apemphe apite nanu ku Mzuzu Central akafunse okha dotolo mafunso awo onse. Koma wovomereza kapena kukana ndi mayi ako, thupi ndi lawo, ndiye ukhale nawo pansi awiriwiri uwafunse zimene iwo akufuna. Wina akayamba kunong'ona za khalidwe lawo, umuuze kuti HPV imagwira pafupifupi aliyense amene anagonanapo, ngakhale wa pabanja limodzi moyo wonse.

Iwenso wapitirira zaka 25, msinkhu woyamba kuyezetsa khomo la chiberekero, ndipo m'zipatala za boma n'zaulere. Ngati muli ndi kamtsikana ka zaka 9 pakhomopo, katemera wa HPV akuperekedwa m'dziko muno kuyambira mu 2019. Sabata ino isathe mayi asanabwerere kuchipatala, ndipo musaiwale buku lawo la kuchipatala.

Azakhali