Njira ya Zizindikiro Zoyera

Kale makolo athu akakhala pa ulendo wautali, otsogola ankaganizira anzawo otsalira m'mbuyo. Akafika pamphambano ankathyola masamba ndi kutseka nawo njira imene sanadzere. Wobwera pambuyo akaona masambawo ankadziŵa koloŵera. Lero tiŵerenga za anthu a dziko lina amene amachita zonga zomwezi.

Kum'maŵa kwa dziko la Amereka kuli mapiri ondondozana otchedwa Appalachian. M'mapiri ameneŵa mumadutsa njira ya oyenda pansi yotchedwa Appalachian Trail. Njirayi imayambira pa phiri la Springer m'chigawo cha Georgia kummwera, ndipo imathera pa phiri la Katahdin m'chigawo cha Maine kumpoto. Imadutsa m'zigawo 14, ndipo kutalika kwake ndi makilomita oposa 3,500. Mtunda umenewu uli ngati kuyenda kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa pafupifupi katatu. Munthu wofuna kuimaliza yonse amatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi katundu ali kumsana.

Maganizo olambula njirayi anachokera kwa Benton MacKaye, katswiri wa zankhalango, m'chaka cha 1921. Iye ankafuna kuti anthu otopa ndi phokoso la m'mizinda azikapuma kumapiri. Anthu ambiri anadzipereka kugwira ntchitoyi popanda malipiro, ndipo m'madera ena anathandizidwa ndi anyamata olembedwa ntchito ndi boma. Njira yonse inatha m'chaka cha 1937.

Kodi mlendo angadziŵe bwanji njira m'nkhalango imene sanapondemo chibadwire? Yankho lili pa mitengo ndi pa miyala. Osamala njirayi amapaka utoto woyera pa mtengo, pamalo olingana ndi maso a munthu woimirira. Chizindikirocho n'chaching'ono ndithu: masentimita 5 m'lifupi ndi masentimita 15 m'litali. Mlendo akachipeza amayenda mpaka ataona china, kenaka chinanso. Akaona zizindikiro ziŵiri, china pamwamba pa chinzake, amachenjera chifukwa njira ili pafupi kukhota kapena kukumana ndi ina. Chizindikiro cha mtundu wa thambo chimaonetsa kanjira kopatuka, monga kopita kukasupe kapena kumsasa wogonamo.

Kupaka utoto kumaoneka ngati ntchito ya mwana, koma kumafuna nzeru. Wopaka amayamba wasalaza khungwa kuti utoto ugwire. Amasankha mtengo wamoyo, pakuti wouma ukagwa chizindikiro chimapita nawo. Amakumbukiranso kuti alendo amachokera mbali zonse ziŵiri, choncho akamaliza kupaka zizindikiro za opita kumpoto, amapakanso za opita kummwera. Pamwamba pa mapiri aatali, monga a m'chigawo cha New Hampshire, mitengo simera chifukwa cha mphepo ndi chisanu. Kumeneko amaunjika miyala m'milu yaitali. Nkhungu ikaphimba phiri, mlendo amatsata miluyo umodziumodzi. Akaiphonya akhoza kusokera ndi kufa ndi chisanu, kapena kugwera kuphompho.

Njira ikasiyidwa sichedwa kufa. M'chaka cha 1938 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo yosaŵerengeka kumpoto kwa njirayi. Pasanapite nthaŵi nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inabuka, ndipo ambiri mwa osamala njira anapita kunkhondo. Udzu ndi zitsamba zinaŵirira, utoto unafufuka. M'chaka cha 1948 Earl Shaffer, yemwe anali atabwera kunkhondo, ananyamuka kuti ayende njira yonse pa ulendo umodzi. M'malo ambiri anapeza njira itatsekeka, zizindikiro palibe, kotero kuti ankadalira mapu ndi kampasi. Anafika pa phiri la Katahdin patatha miyezi inayi. Odzipereka aja anagwiranso zida, ndipo pofika m'chaka cha 1951 njira inalumikizikanso kuchokera koyambira mpaka kothera.

Masiku ano njirayi inagaŵidwa kwa magulu pafupifupi 30 a anthu odzipereka, ndipo gulu lililonse lili ndi dera lake. Ena mwa anthuŵa ndi aphunzitsi, ena ndi ophunzira, enanso ndi nkhalamba zopuma pantchito. Loŵeruka likafika amalaŵirira kuphiri atasenza macheka, nkhwangwa, makasu ndi zitini za utoto. Amadula mitengo yogwera m'njira ndi kusadza nthambi zobisa zizindikiro. Amakonzanso misasa yogonamo alendo, imene ilipo yoposa 250.

Koma mdani wamkulu wa njira ya kuphiri ndi madzi. Mvula ikagwa, madzi amatsata pamene mapazi apondaponda, ndipo njira imasanduka chigwembe. Pofuna kuletsa zimenezi, amagoneka chipika kapena mzere wa miyala mopingasa njira kuti madzi apatukire kutchire. Ngalande zoterezi zimadzala masamba ndi matope, choncho amazikumbanso kaŵirikaŵiri. Potsetsereka amamanga makwerero a miyala, ndipo m'madambo amayala matabwa. Mwala umodzi wokha ukhoza kutopetsa anthu anayi m'maŵa wonse. Mlendo adzaupondapo kamodzi ndi kupitirira, osadziŵa amene anausenza.

Mu Seputembala 2024 namondwe wotchedwa Helene anagwetsanso mitengo yambiri ndi kugumula njira m'zigawo za North Carolina, Tennessee ndi Virginia. Namondweyo atapita, odzipereka anakweranso mapiri ndi macheka awo, nayamba kudula mtengo umodziumodzi.

Mafunso

1. Kodi makolo athu ankatani pamphambano pofuna kuthandiza otsalira m'mbuyo?
2. Kodi zizindikiro zoyera ziŵiri zimamuuza chiyani mlendo?
3. Chifukwa chiyani saika chizindikiro pa mtengo wouma?
4. Fotokozani zimene Earl Shaffer anapeza panjira m'chaka cha 1948.
5. Kodi madzi amaononga bwanji njira ya kuphiri?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: mphambano, phompho, chigwembe, kusadza, kulaŵirira.
(b) Jambulani njira imene mumadzera popita kusukulu, ndipo muonetse malo amene mlendo angasokere.