Makoloko Obisika m'Maselo a Thupi

MLONDA wa usiku amalidziŵa bwino ola limenelo. Cha m'ma 4 koloko mbandakucha, zikope zimalemera ndipo thupi limazizidwa, ngakhale kuti iye anagona masana. Kodi nchiyani chimauza thupi lake kuti imeneyo sindiyo nthaŵi yokhala maso?

2 Mkati mwa ubongo, pamwamba pa mphambano ya mitsempha ya maso, muli kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kamasunga nthaŵi, ndipo kuunika koloŵa m'maso kumakawongolera tsiku lililonse. Komabe, koloko imeneyi siili yokha. Pafupifupi selo lililonse lili ndi yakeyake! Mu 2017, Jeffrey Hall, Michael Rosbash, ndi Michael Young analandira mphotho ya Nobel kaamba ka kufotokoza kayendedwe kake, atapenda tintchentche ta pazipatso. Puloteni ina imaunjikana m'selo usiku, niletsa kupangidwa kwake komwe, ndiyeno nkuphwasuka masana. Mlengi amene anaika zounikira zakumwamba kuti zisonyeze masiku anaikanso tsiku m'kaselo kosaoneka ndi maso. (Genesis 1:14)

3 Kodi zimenezi zimakhudza motani chakudya? Chiŵindi chimasunga shuga panthaŵi ya kudya ndi kumtulutsira m'mwazi panthaŵi ya tulo. Mu 2000, ofufuza a ku Geneva anadyetsa mbeŵa masana okha, pamene kuli kwakuti mwachibadwa mbeŵa zimadya usiku. Patapita pafupifupi mlungu umodzi, koloko ya chiŵindi inatembenuka nitsatira chakudya, koma ya mu ubongo inamamatirabe ku kuunika. Thupi limodzi linakhala ndi nthaŵi ziŵiri. Mwa anthunso, thupi limachotsa shuga m'mwazi mofulumira mmaŵa kuposa usiku, ndipo ogwira ntchito usiku kwa zaka zambiri amadwala nthenda ya shuga kaŵirikaŵiri kuposa anzawo.

4 Akristu ambiri amagwira ntchito usiku kuti asamalire mabanja awo, ndipo palibe ayenera kuwaweruza. (1 Timoteo 5:8) Baibulo siliika lamulo la ola lodyera. Chikhalirechobe, mlonda kapena namwino angadye chakudya chachikulu asanayambe ntchito, kudya pang'ono chabe pakati pausiku, ndi kugona m'chipinda chamdima pobwerako. Nawo a m'banja lake angachepetse phokoso la wailesi kufikira iye atadzuka.

1, 2. Kodi nchiyani chimasunga nthaŵi m'thupi?
3. Kodi chinachitika nchiyani kwa mbeŵa zodyetsedwa masana?
4. Kodi banja lingathandize motani wogwira ntchito usiku?